Msodzi wa ku Chilwa, dilipi ya tsiku limodzi ndi jakisoni wa pamsana: lipoti la wodwala mmodzi

Ndine kiliniko ofisa, ndimagwira ntchito mu wodi ya abambo pa chipatala china m'boma lino la Zomba. Lipoti ili ndi la bambo ena amene tinawagoneka miyezi yozizira ya 2024 ndi matenda oumitsa khosi obwera ndi kachilombo ka fangasi kotchedwa cryptococcus. Iwo ndi akazi awo anandilola kulemba, bola ndisatchule dzina ndi mudzi, ndiye ndizingoti bambo M. Ndikulembera makamaka anzanga a m'mawodi ndi a m'zipatala zing'onozing'ono zakumudzi. Mankhwala onse amene malangizo atsopano amanena tinali nawo m'kabati, ndipo tinawapereka pa nthawi yake. Komabe bambowa anatsala pang'ono kutisiya, ndipo diso lawo limodzi silinabwerere mwakale.

Mmene anafikira

Bambo M ndi a zaka 38, msodzi wa matemba pa nyanja ya Chilwa. Amakocheza ku Kachulu, koma nthawi yambiri amathera pamadzi penipeni, m'timisasa toyandama tija ta zimbowera, mwina mwezi wathunthu osaponda mtunda. Anatipeza Lachiwiri madzulo pa ambulansi, kuchokera ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi nyanja. Kalata yowatumizira inali ya mizere iwiri: mutu, kusanza, akuganizira malungo aakulu.

Mutuwo unali utatha masabata atatu. Anayamba ndi panado wa pagolosale. Kenako anagula LA kwa munthu wina padoko, osayezetsa. Zitakanika anapita kwa asing'anga, moti pamene ndimawayeza mphini za pachipumi ndi za kunkhongo zinali zisanapole. Masiku anayi omaliza ankasanza chilichonse chimene alawa, ndipo akazi awo anati usiku amayankhula zosagwirizana, kumaitana anzawo a m'bwato ali chigonere m'nyumba.

Thupi linali lofunda pang'ono chabe, 37.6. Sikelo inaonetsa makilogalamu 50. BP inali 148/92, mtima ukugunda ka 62 pa mphindi. Dzina lawo ndi la akazi awo ankalidziwa, koma tsiku ndi malo zinawasokonekera. M'kamwa munali zoyera zoyanga lilime lonse. Malungo sanapezeke, shuga anali bwino. Khosi ndinalipinda kangapo konse, linali lofewa ndithu. Dzina lathuli lakuti matenda oumitsa khosi limatipusitsa. Odwala cryptococcus ambiri khosi lawo siliuma, thupi silitentha kwambiri, chimene amabwera nacho ndi mutu wa masiku ambiri wosamva mankhwala. Ukadikira kuti khosi liume ndiye uwaganizire matendawa, wachedwa kale.

Ku chipatala chaching'ono chija anawafunsa ngati amamwa ma ARV, iwo nkuyankha kuti ayi. Sananame kwenikweni, koma funsolo linafunsidwa pamaso pa alamu awo amene anawaperekeza, ndiye nkhani inathera pomwepo. Zonse zinatuluka pamene anesi athu anapita ndi mayi aja kumpopi kukatunga madzi, awiriwiri. Bambo M anayamba ma ARV mu 2017 ndipo ankamwa bwinobwino. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba yawo, buku la kuchipatala ndi botolo la mankhwala nkupita ndi madzi. Atachoka kumsasa wa anthu osowa pokhala analowa m'nyanja kukasaka ndalama zomangira nyumba ina. Miyezi itadutsa anachita manyazi kubwerera ku kiliniki, poopa kuti akawazazira pagulu kuti anathawa mankhwala. Pofika kwa ife nkuti atatha chaka ndi miyezi itatu osamwa. Mayi aja nawonso ali pa ma ARV, koma iwo sanadumphitsepo.

Zimene tinayeza

Kuyambira 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amene CD4 yake ili pansi pa 200, kapena ali ndi matenda a siteji 3 kapena 4, HIV yake yafika patali, zimene pa wodi timangoti AHD. Wotereyu sumangomupatsa ma ARV basi, umayamba wafufuza matenda amene amapha msanga, makamaka TB ndi cryptococcus. CD4 ya bambo M inali 31. Magazi a pachala pa kachingwe ka CrAg, koyezera cryptococcus, anaonetsa mizere iwiri, kutanthauza kuti alimo, mphindi khumi zisanakwane. Hb, mlingo wa magazi, inali 9.8, potaziyamu 3.9, impso zikugwira bwino. Makhololo pa makina a GeneXpert sanaonetse TB, mkodzo pa LAM, kachingwe koyezera TB mu mkodzo, nawonso ayi.

Za mkodzozi, achinyamata amene angoyamba ntchito sadziwa kuti umboni wake wina unachokera konkuno. Kafukufuku wa STAMP, amene anatuluka mu 2018, anachitikira pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi pa Edendale ku KwaZulu-Natal, pa odwala ogonekedwa pafupifupi 2,600. Kuyeza mkodzo kunathandiza kupeza TB yambiri. Imfa pa gulu lonse sizinasiyane kwambiri, 18 pa 100 mwa oyezedwa mkodzo poyerekeza ndi 21 pa 100 mwa oyezedwa makhololo okha, koma phindu linaonekera pa amene CD4 yawo inali pansi pa 100 ndi amene magazi awo anali ochepetsetsa. Mu 2019 WHO inakulitsa malangizo a LAM. Tisaiwale kuti LAM ikapanda kuonetsa sindiye kuti TB palibe, choncho bambo M tinapitiriza kuwayang'anira chifuwa mpaka tsiku lotuluka.

Usiku womwewo ndinapempha chilolezo cha jakisoni wa pamsana. Mawu amene ndinanena ndikuwakumbukira bwino chifukwa ndi amene anadzandivuta pambuyo pake. Ndinati: "Mayi, tikufuna tiyeze madzi a pamsana kuti tidziwe matenda amene akuvutitsa abambowa." Mayi aja anayang'ana amuna awo, amuna awo anagwedeza mutu, nkuvomera.

Manomita, chipangizo choyezera mphamvu ya madzi a pamsana, tinalibe. Tinachita zimene timachita masiku onse: kachubu ka dilipi kulumikiza ku singano, kukaimika chilili, tepi ya atelala pambali pake. Wodwala agone chammbali, akatha kubayidwa awongole miyendo pang'ono kuti mimba isapanikizike, apo ayi muwerenga nambala yabodza. Madzi anakwera mpaka masentimita 36. Malire ake ndi 20. Anali oyera mbee ngati a pamjigo. Tinatulutsa pafupifupi mamililita 25 mpaka anatsika kufika pa 18. Ola lisanathe bambo M anatsegula maso bwinobwino nkupempha phala. Ku labu CrAg ya madziwo inaonetsa, ndipo atawathira inki ya India nkuyang'ana pa maikulosikopu tizilombo tinaoneka tambirimbiri, kalikonse katazunguliridwa ndi chikuto chake chowala. Maselo oyera anali ochepa kwambiri, chimene si chizindikiro chabwino: ndiye kuti thupi silikulimbana nato nkomwe.

Cryptococcus neoformans ndi kachilombo ka m'gulu la fangasi, mbale wake wa yisiti. Kamapezeka m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi za mbalame monga nkhunda. Timakapuma ndi fumbi ambirife, koma kamadikira chitetezo chigwe kuti kachoke m'mapapo kupita ku ubongo. Sikapatsirana pakati pa anthu, ndipo izi ndinawauza mayi aja chifukwa anali atayamba kale kupatula kapu ya amuna awo. Akatswiri anawerengera kuti mu 2020 anthu 152,000 padziko lonse anadwala matendawa ndipo 112,000 anamwalira, kutanthauza imfa 19 pa 100 zilizonse zokhudzana ndi Edzi. Mu Okutobala 2022 WHO inakaika kachilomboka m'gulu loopsa kwambiri pa mndandanda wake woyamba wa mafangasi.

Mankhwala

Pamene ndinkayamba ntchito, cryptococcus tinkachiza ndi fluconazole yekha. Tinkadziwa tonse kuti tikungoperekeza. Kafukufuku wa ku Blantyre anaonetsa kuti oposa theka la odwala otere ankamwalira masabata khumi asanathe. Amphotericin wakale uja akapezeka, ankafuna dilipi tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri: wodwala kunjenjemera bedi lonse, mitsempha kutupa mpaka kusowa pobaya, impso kufooka, magazi kutsika.

Zinasintha kawiri, ndipo kawiri konse Amalawi anali m'kati. Kafukufuku wa ACTA wa 2018, wa odwala 721 ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon, amene Zomba inali malo ake amodzi, anaonetsa kuti sabata imodzi ya amphotericin pamodzi ndi flucytosine ndiyo inali ndi imfa zochepa, pafupifupi 24 pa 100 pa masabata khumi. Flucytosine ameneyu anapangidwa mu 1957, koma kwa zaka zonsezo kuno kwathu, kumene kuli odwala ambiri, sankapezeka. Kenako mu Marichi 2022 kunatuluka kafukufuku wa AMBITION, wa ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Kuno anachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pa odwala 814, amene analandira dilipi imodzi yokha ya liposomal amphotericin B, mtundu watsopano wa amphotericin, mamiligalamu 10 pa kilogalamu, kuphatikiza masiku 14 a flucytosine ndi fluconazole, anamwalira 24.8 peresenti. A njira ya sabata imodzi ija anamwalira 28.7 peresenti. Amene anakumana ndi zovuta zazikulu anali 50 peresenti pa dilipi imodzi poyerekeza ndi 62.3 pa njira inayo. Chaka chomwecho WHO inaika njira ya dilipi imodziyi patsogolo pa zonse.

Ndi imene bambo M analandira Lachitatu m'mawa. Tinayamba ndi lita imodzi ya saline, madzi a mchere a dilipi, yothira potaziyamu kuti titeteze impso. Pa makilogalamu 50 pamafunika mamiligalamu 500, ndiwo mabotolo khumi. Ntchito yosungunula imadya nthawi kuposa mmene anthu amaganizira. Botolo lililonse limafuna mamililita 12 a madzi a jakisoni, osati saline, kulikhutchumula mwamphamvu mpaka timibulu tonse titha, kenako kukoka ndi kudutsitsa pa kasefa kamene kamabwera m'bokosi momwemo, kuthira m'thumba la dextrose, madzi a shuga a dilipi, wa 5 peresenti. Mankhwalawa sagwirizana ndi saline, choncho chingwe chimene munadutsa saline chiyambe chatsukidwa ndi dextrose. Anesi athu anakhala chiimire pa tebulo mphindi pafupifupi makumi anayi, mabotolo achikasu atandandalika ngati ogulitsa pamsika. Dilipi inayenda maola awiri. Bambo M anangodandaula msana pang'ono, osanjenjemera.

Anthu akamva zakuti dilipi ndi imodzi amaganiza kuti ntchito yatha. Mapilitsi ake ndiye katundu. Flucytosine ndi mamiligalamu 100 pa kilogalamu patsiku, ogawidwa kanayi: kwa bambowa mapilitsi khumi, atatu, awiri, atatu, awiri, maola asanu ndi limodzi alionse, pakati pa usiku pomwe. Fluconazole ndi mamiligalamu 1,200, makapusozi asanu ndi limodzi. Onjezanipo potaziyamu, magineziyamu ndi bakitirimu, zonsezi kwa munthu amene akusanza. Usiku nesi amakhala mmodzi wodi yonse. Tinajambula mabokosi pa chikatoni cha magolovesi, mayi aja nkutchera alamu pa foni yawo yamabatani, ndipo pa masiku 14 onse anaphonya kamodzi kokha.

Tsiku lachiwiri: mapilitsi a m'chitenje

Ndikuyendera odwala m'mawa ndinaona botolo la ma ARV likusuzumira pa mfundo ya chitenje cha mayi aja. Ndinafunsa mocheza ngati akukumbukira kumwa awo m'chipwirikiti chonsechi. Anati akumwa, ndipo akuwagawirako abambo. Anali atawapatsa mausiku awiri. Kuganiza kwawo kunali kolunjika: munthu wadwala chifukwa anasiya mankhwala, achipatala akuchedwa kumuyambitsa, ine ndili nawo pano.

Sindinawadzudzule, chifukwa uthenga umene ife tomwe takhala tikulalikira kuyambira 2016 ndi wakuti ukapezeka nako kachilombo yamba lero lomwe. Cryptococcus wa mu ubongo ndi amodzi mwa malo ochepa amene lamuloli limatembenuka. Kafukufuku wa COAT wa 2014, ku Uganda ndi South Africa, anayerekeza oyamba ma ARV pa sabata imodzi kapena ziwiri ndi odikira masabata asanu. Pa masabata 26, ofulumira aja anamwalira 45 pa 100, odikira 30 pa 100. Chitetezo chikadzuka tizilombo tikadali tambiri m'mutu, nkhondo yake imachitikira m'chigaza, mopanda malo otupira. Nchifukwa chake WHO imati tidikire masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mayi aja ndinawauza kuti ma ARV abwera ndithu, tsiku lake tilemba m'buku, koma tiyambe tachepetsa tizilomboto. Tinawerenga mapilitsi awo otsala nkulemba kakalata kuti akawabwezere awiri aja, kuopa kuti angakaoneke ngati akusokoneza kamwedwe.

Tsiku lachitatu mpaka lachisanu

Lachisanu mutu unabwerera mwaukali. Anasanza katatu, anati akuona anthu awiriawiri, ndipo diso lamanzere silimatha kuyang'ana kumbali yakunja. Masana anali atasokonezeka moti sakanatha kudzivomerera okha chilichonse. Madzi anali atadzadzanso m'mutu, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, kuwatulutsa.

Nditawauza mayi aja anandiyang'ana modabwa. "Adokotala, si munayeza kale dzana? Matenda si munawapeza?" Ndinasowa poyambira, chifukwa ankanena zoona. Ine ndi amene ndinawauza kuti jakisoniyo ndi woyezera. Sindinanene kuti ndi chithandizo, sindinanenenso kuti tidzabwereza. Kwa iwo, kubwera kachiwiri ndi singano yomweyo kunatanthauza kuti mwina tinalakwitsa poyamba, kapena tikuphunzirira pa amuna awo.

Ndikufotokoza choncho anafika alongo awo a bambo M kuchokera kumudzi. Atangomva za pamsana anakaniratu. Mchimwene wawo wina anabayidwa pamsana zaka zapitazo pa chipatala china, m'mawa mwake kunali maliro. Mayi aja anatsitsa mawu nkundiuza kuti: "Nkhani imeneyi sindingaiyankhe ndekha. Munthuyu ali ndi eni ake." Amene amagwira ntchito kuno akudziwa tanthauzo lake. Bambo M ndi mkamwini pamudzi pa akazi awo. Zikavuta, mkazi ndi amene adzafunsidwe ndi akuchimuna kuti unavomera bwanji wekha. Woyenera kulamula anali amalume awo, mwinimbumba, ndipo iwo anali pa chilumba cha Chisi. Foni inagwira madzulo. Anati pa foni sangayankhe, abwera adzaone ndi maso.

Tinadikira mausiku awiri. Mnzanga wina wachinyamata anafunsa ngati tingapereke dexamethasone kapena mannitol, mankhwala ochepetsa kutupa m'mutu, podikirapo. Ndinakana. Kafukufuku wa CryptoDex wa 2016, amene Malawi analinso m'kati, anaimitsidwa asanathe atafika pa odwala 451, chifukwa dexamethasone sanachepetse imfa koma anachulukitsa kulumala ndi zovuta zina, ndipo tizilombo tinkachedwa kutha. WHO imaletsa ma steroid, mannitol ndi acetazolamide pa vuto limeneli. Chimene tinatha kuchita ndi kukweza kumutu kwa bedi, panado, mankhwala oletsa kusanza, ndi kuonetsetsa kuti flucytosine akulowa.

Wina anganene kuti pa ngozi yotere tikanangobaya popanda chilolezo. Ndinaliganizira. Koma alongo aja anali atanena kale poyera kuti tikangoyerekeza amutenga m'bale wawo usiku womwewo, ndipo ndawaonapo mabanja akuchitadi zimenezo. Akanapita, akanasiya masiku khumi ndi awiri a mankhwala, ndipo kumudzi sakanatha sabata. Ndinasankha kudikira. Mtengo wa kusankha kumeneko unali diso lija, ndipo sindikufuna kuubisa.

Amalume anafika Lamlungu m'mawa, bwato mpaka ku Kachulu, kenako njinga yamoto. Ndi bambo achikulire, msodzinso, chipewa m'manja. Anesi athu aakulu anandiletsa kuyankhula nawo pabedi. Tinatulutsa benchi kukhonde, tinalonjerana bwinobwino, kufunsana za kunyanja ndi za ulendo, kenako iwo ndi amene anayamba. "Adokotala, ine ndaika maliro atatu a jakisoni ameneyu. Mundiuze chifukwa chake mphwangayu akhale wosiyana."

Sindinawatsutse za malirowo. Ndinati ndikukhulupirira kuti anthuwo anamwaliradi atabayidwa, chifukwa jakisoniyu kawirikawiri timabaya anthu amene afika mochedwa, matenda atawadya kale, ndipo chomaliza chimene abale amaona ndi singano. Kenako ndinatenga botolo la madzi akumwa la theka la lita limene linali pawindo. Ndinati thupi la munthu aliyense limapanga madzi a m'mutu ndi pamsana odzadza botolo ili tsiku lililonse, pamene malo ake amangokwana pang'ono kuposa kota ya botololi, ndiye amayenera kumatuluka nthawi zonse kulowa m'magazi. Tizilombo ta mphwanuyu tatseka potulukira. Madzi akupangidwabe, chigaza sichitambasuka, ndiye akufinya ubongo ndi mitsempha ya maso. Ife timachotsa masipuni awiri okha, ndipo thupi limabwezeretsa tsiku lisanathe.

Anakhala chete nthawi yaitali, akutembenuza chipewa chija. Kenako anati: "Ndiye kuti inu mukukapa. Bwato likulowa madzi, mankhwala anuwo ndiye akumata, koma podikira kuti phula ligwire wina azikapa." Ndinati ndi zimenezo, bambo. Anati: "Nanga bwanji simunawauze ana awa kuti mukapa kangapo? Wokapa amakapa kamodzi?" Ndinavomera kuti pamenepo ndinalakwa ine. Anapempha chinthu chimodzi, kuti akhalepo pobayapo.

Anagwira mawondo a mphwawo iwo eni, akumuyankhula chapansipansi. Madzi anakwera kupitirira masentimita 40, pamene ndinasiyira kuwerenga. Tinatulutsa mamililita 30, pang'onopang'ono. Amalume anayang'anitsitsa kabotoloko nkunena kuti ankayembekezera magazi. Madzulo ake bambo M anawazindikira nkuwafunsa amene watsala ndi maukonde. Tinabwereza tsiku lachisanu ndi chimodzi, tinapeza 32. Lachisanu ndi chiwiri 26. Lachisanu ndi chinayi 19. Ndipo tsiku la 14 anali pa 15. Kuyambira kachitatu alongo aja ndi amene ankabwera kudzatikumbutsa mutu ukangoyamba.

Pa odwala a kafukufuku wa COAT uja, ofufuza anayang'ananso za jakisoniyu. Mwa amene anatulutsidwa madzi kachiwiri ngakhale kamodzi kokha, anamwalira 7 pa 100 m'masiku 11 oyamba, pamene mwa amene sanabwerezedwe anamwalira 18 pa 100. Sanachite kugawa anthu mwamaere, ndiye nambalazi tizitenge mosamala, koma zikugwirizana ndi zimene timaona pa wodi. Malangizo a WHO amati aliyense abwerezedwe msanga ngakhale asakudandaula kanthu, ndipo ngati zizindikiro zilipo, tsiku ndi tsiku mpaka zitatha. Maganizo anga ndi akuti m'maphunziro athu a AHD timathera maola pa kasungunulidwe ka amphotericin, zimene nzofunika, koma za mmene ungapemphere singano yachiwiri ndi yachitatu kwa banja la ku Chisi timangodutsapo. Mu kafukufuku wodwala amakhala ndi nesi wakewake ndi munthu wofotokozera abale mofatsa. Imfa 25 pa 100 zija zinapezeka m'malo otero, ndipo sitingazifikire ndi botolo lokha.

Kutuluka ndi zotsatira

Magazi sanavute. Tsiku lachisanu ndi chiwiri Hb inali 8.9, potaziyamu 3.4 ndipo tinaonjezera, impso zili bwino. Sanafunike kuikidwa magazi. Anatuluka tsiku la 15 akuyenda okha, ali pa fluconazole mamiligalamu 800 patsiku kwa masabata asanu ndi atatu, kenako 200 patsiku, ndi bakitirimu. Ma ARV tinayambitsanso pa sabata yachisanu, mtundu umene timautchula kuti 13A, m'chipinda chotseka, popanda wowafunsa chifukwa chimene anathawira.

Kuona anthu awiriawiri kunatha pa sabata yachisanu ndi chimodzi. Diso lamanzere ndiye linatsalira: amawerenga zala pa mita imodzi basi, ndipo a maso atayang'ana anapeza kuti mtsempha wake unafota. Makutu ali bwino. Pa sabata yakhumi sikelo inali pa 55. Patatha miyezi isanu ndi umodzi viral load inali yosaoneka, CD4 118. Fluconazole apitiriza mpaka atakwanitsa chaka pa ma ARV, kachilombo kali kogona ndipo CD4 ili pamwamba pa 100.

Matendawa akanatha kugwidwa asanafike m'mutu. CrAg imaoneka m'magazi masabata angapo mutu usanayambe, ndipo kafukufuku wa REMSTART wa 2015 ku Tanzania ndi Zambia anaonetsa kuti kuyeza CrAg, kupereka fluconazole kwa opezeka nayo ndi kuwayendera kunyumba kunatsitsa imfa kuchoka pa 18 kufika pa 13 pa 100. Koma kuti munthu ayezedwe ayambe wabwera, ndipo bambo M anakhala chaka ndi miyezi itatu akuopa pakamwa pa anthu ngati ife.

Pa wodi pathu tasintha zinthu zingapo zing'onozing'ono. Za ma ARV timafunsa wodwala kapena mkazi wake paokha. Gadiyani timamufunsa mankhwala amene ali nawo m'chikwama, ake omwe. CrAg ikangoonetsa, tsiku loyamba lomwelo timafunsa kuti mwinimbumba ndani, nambala yake ndi iti, ndipo timamuimbira tisanamufune. Mawu akuti kuyeza tinawasiya. Timati tiphungula madzi, lero, mkuja, mwinanso kangapo, ndipo timalemba m'faelo kuti banja lamva zimenezo. Manomita sanabwerebe, tepi ya atelala ija tinaimangirira ku kabati ndi bandeji kuti isasowe.

Ulendo wawo womaliza bambo M anabwera ndi kanyuzipepala kokulunga matemba ouma, akuti atumiza amalume kwa anesi aakulu aja. Ku zimbowera sanabwerereko, akuti ndi diso limodzi usiku sangaone bwino mabango. Panopa amagula nsomba kwa anzawo padoko nkumayanika. Anapempha kuti tsiku lotenga fluconazole lizigwirizana ndi la ma ARV a akazi awo kuti azilipira njinga imodzi, ndipo tinawalembera Lachinayi loyamba la mwezi.